Vakabu timamugwira usiku, wa sikelo yobera timamupatsa mpando

M'matauni a dziko lino, ndi kwathu kuno ku Mangochi komwe, ikamayandikira Khirisimasi kapena nyuwere anthu amachenjezana kuti musayende usiku, apolisi akusesa. Ndipo amene amakwezedwa galimoto ija timawadziwa, ndi mtsikana amene wapezeka pa resitihausi, mnyamata wa kabaza amene amadikirira kasitomala womaliza, woledzera amene wagona pakhonde la golosale, pena mayi amene walawirira ndi beseni lake kukadikira maboti ku doko. Ambirife tikamva timangoti eya achita bwino, tauni iyere. Koma ine chimene chikundisowetsa mtendere ndi choti tsiku lomwelo masanasana dzuwa likuswa mtengo, munthu wina amapachika sikelo yobera pansi pa mango n'kumadya thukuta la mudzi wonse, ndipo ameneyo timamutulutsira mpando, timamupatsa madzi akumwa, timamutchula kuti bwana. Onse awiriwa lamulo limawadziwa. Koma wogona mu selo ndi mmodzi yekha, ndipo nthawi zambiri si amene walakwira anthu kwambiri.

Buku lalikulu la milandu m'dziko muno, lija amati Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930, dziko likadali Nyasaland, boma lathu lino likutchedwa Fort Johnston. Zambiri zasinthidwa inde, koma zina zikadali mmene anazisiyira atsamunda. Mlandu wa vakabu, umene uli pa gawo 184, anachita kuutenga ku lamulo la kwawo ku England la 1824 limene linapangidwira anthu osauka ongoyendayenda m'misewu. Kachigawo kena ka gawo limeneli kamkati munthu akapezeka pamsewu pa nthawi yoti wina angaganize kuti ali ndi cholinga choipa, ameneyo ndi vakabu basi. Taganizani bwino abale, sanabe, sanamenye munthu, palibe amene wadandaula, kungoti wapolisi wamuyang'ana n'kuganiza kuti uyu sali bwino. Nde ndani amene amaoneka kuti sali bwino 3 koloko usiku? Si wa pagalimoto ayi. Ndi woyenda wapansi, wa malaya ong'ambika, wosenza thumba pamutu.

Mu Malichi 2015 apolisi ku Blantyre anagwira venda wina cha m'ma 4 koloko mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Anamutsekera, mlandu wake vakabu. Bamboyo sanalole kuti zingothera pomwepo, ndipo mothandizidwa ndi maloya omenyera ufulu wa anthu nkhani inafika ku High Court, majaji atatu anakhala pansi ndipo pa 10 Januwale 2017 anagamula kuti kachigawo kaja, 184(1)(c), kakutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko chifukwa kamachotsa ulemu wa munthu komanso kamasankha osauka. Mu Disembala 2020 khothi la ufulu wa anthu la mu Africa limene lili ku Arusha linanenanso chimodzimodzi za malamulo a vakabu. Mu 2022 High Court ku Zomba, pa nkhani ya anthu amene anagwidwa pa bala ina ku Kasungu, inati kusesa anthu mwachisawawa popanda mlandu weniweni wa aliyense payekha ndi kuphwanya lamulo. Zonsezi zinalembedwa, zilipo. Koma mufunse mnyamata wa kabaza pa Makawa kapena kwa Chimwala ngati anamvapo, akuuzani kuti vakabu ikadalipo ndipo akagwidwa amangoyamba kufufuza m'thumba.

Za amayi oyendayenda nazonso anthu ambiri samazidziwa bwino. Mu 2016 amayi 19 anagwidwa ku Dedza n'kuweruzidwa kuti akudya ndalama za uhule, pa gawo 146. High Court ku Zomba, pamaso pa jaji Zione Ntaba, inathetsa chigamulo chimenecho. Inati gawo limeneli linalembedwera munthu amene amadyera masuku pamutu amayi oterewa, amene amawasunga n'kumatolera ndalama zawo, osati mayi mwini wakeyo. Mukhoza kudana ndi ntchito imeneyi, a shehe ndi abusa akhoza kuidzudzula ndipo ndi udindo wawo, koma kugwira mayi chifukwa choti wapezeka mu rumu ya resitihausi si zimene lamulo likunena. Chimene chimapweteka ndi mmene milandu yotereyi imathera. Munthu wagona mu selo, ana wawasiya okha kunyumba, loya alibe, nde wina amamunong'oneza kuti ungovomera ulipire faindi uzipita. Amavomeradi. Sadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, sadziwa kuti malamulo aakulu amati afikitsidwe ku khothi pasanathe maola 48, ndipo sadziwa kuti kuvomera kuja kwamulembetsa kuti ndi munthu wopezeka wolakwa.

Dziko lino linayamba kalekale kuyang'ana khalidwe pa thupi la mkazi. Kuyambira 1973 mpaka 1993 kunali lamulo loletsa amayi kuvala thalauzi ndi masiketi aafupi. Linathetsedwa, koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa cha thalauzi, akuti akuteteza chikhalidwe. Kuvula munthu pagulu ndiwo mlandu, thalauzi si mlandu.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti malamulo a khalidwe ndi opanda ntchito. Mu Penal Code muja, m'mutu wa milandu yokhudza khalidwe, muli malamulo amene ndikanakonda atamagwira ntchito tsiku ndi tsiku kuno kwathu. Kugwirira kuli mmenemo. Kugona ndi mwana kuli mmenemo pa gawo 138, ndipo chilango chake chimafika mpaka kukhala kundende moyo wonse. Kale lamulo limeneli limkateteza mtsikana wosafika zaka 13 basi, mu 2011 anakweza kufika 16, mu 2023 anafikitsa pa 18 ndipo mwana wamwamuna naye akutetezedwa. Lamulo la maukwati la 2015 linati ukwati ndi pa zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasinthanso malamulo aakulu kuti pasakhale kozembera koti makolo avomereza. Pa pepala zonse zili bwino. Koma m'midzi mwathu muno mwamuna akabwera ku Joni ndi foni yatachi ndi njinga yamoto, mwana wa sitandade 6 amasiya sukulu, ndipo pakhomo pamakhala chete ngati palibe chachitika. Mimba ikaoneka amalume a uku ndi a uko amakumana madzulo n'kumati tikambirane pachibale, tisachititsane manyazi, ndalama pang'ono zisinthana manja, nkhani yatha. Anthu omwewo amene amaombera m'manja akamva kuti mahule asesedwa pa boma ndi amene amabisa bambo wa zaka 40 wowononga mwana wa mlongo wawo. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo mlandu uwu si wa pachibale, ndi wa boma, mfumu ilibe mphamvu youweruza. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo wokanena sayenera kukhala kholo lokha, mphunzitsi, neba, aliyense.

Kunyanja nako kuli nkhani imene tonse timaidziwa koma timaiyankhula motsitsa mawu. Nsomba zikachepa ogula amachuluka pa doko, mayi amene wabwera ndi mpamba wake wa banki mkhonde amapeza kuti ndalama yokha sikukwanira, wa boti akufuna zina kuti amugulitse usipa. Anthu amaloza chala mayiyo. Ine ndimaona kuti apa vuto ndi la malonda lisanakhale la chiwerewere, chifukwa amene wagwira katundu wosowa ndi amene ali ndi mphamvu, ndipo akugwiritsa ntchito mphamvuyo pa munthu amene akabwerera chimanjamanja ana ake agona ndi njala ndipo ngongole ikumudikira Lachisanu. Chimodzimodzi aja olonjeza atsikana ndi anyamata ntchito ku Joni kapena ku minda ya ku Mozambique kudzera pa Chiponde, kukafika uko n'kuwalanda ziphaso n'kumawagwiritsa ntchito yopanda malipiro. Lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limapereka zaka mpaka 14, akakhala mwana mpaka 21. Koma wozembetsayo nthawi zambiri ndi wa m'mudzi momwemo, wamanga nyumba ya malata, ndipo makolo amachita kukamupempha okha kuti mutengereniko wangayu.

Tsopano ndibwere pa sikelo, pakuti apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwenikweni. Mayi anga aang'ono amalima nandolo ndi chimanga mbali ya ku Katuli. Chaka china nditapita kukawaona nthawi yokolola ndinawaperekeza kukagulitsa, matumba tinali titayeza kale pa sikelo ya wachibale wina amene amagulitsa ufa, lililonse linali pa 50 kg kapena kupitirirako pang'ono. Titafika kwa venda pamsewu thumba loyamba linawerenga 44. Lachiwiri 45. Nditafunsa iye anati nandolo wanu wauma panjira, kenako anati sikelo yanu ija ndi imene ili yolakwika, kenako anati ngati simukufuna nyamulani. Mayi anandigwira mkono n'kunena kuti mwanawe usiye, tikawakwiyitsa atithamangitsa, kubwerera nawo matumbawa ndi ndalama inanso ya njinga ndipo fizi ya mng'ono wako ikufunika mawa. Anagulitsa. Pochoka anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Munthu waberedwa pamaso pa anthu onse ndipo iye ndi amene akuthokoza, ndipo pamzere ponse panalibe amene anaona chachilendo chifukwa chaka chilichonse zimakhala choncho.

Njira zake ndi zambiri ndipo alimi amazidziwa, kungoti alibe pogwira. Sikelo ya wotchi ija amaimasula sipuling'i kapena kubweza muvi kuti uziyambira kumbuyo kwa ziro. Ya dijito anthu anaikhulupirira poyamba kuti iyi ndiye siinama, koma nayonso amaitchera. Ena amachotsa kilo imodzi kapena ziwiri akuti ndi kulemera kwa saka, saka yake yosafika ndi theka la kilo lomwe. Ena safuna sikelo n'komwe, amagula pa ndowa, ndowa yake yoti anaiphika m'madzi otentha n'kuitambasula pansi, ndipo iyenera kudzaza mpaka kusefukira. Tiyeni tingoyerekeza, munthu akamadula makilo 5 pa thumba, n'kugula matumba 100 pa tsiku la msika, wapeza matumba 10 aulere tsiku limodzi. Wakuba wothyola nyumba kuti afike pamenepo athyole nyumba zingati? Koma wothyola nyumbayo tikamugwira timafuna kumuwotcha, uyu timamufunira mafuno abwino kuti abwerenso chaka chamawa. Ndipo kuno kwathu sitinganene kuti sitidziwa, mu mzikiti timamva sura yathunthu yochenjeza anthu ochepetsa muyeso, ku tchalitchi nako amawerenga kuti sikelo yonyenga imamunyansa Mulungu. Koma ulaliki wa madiresi ndimaumva kawirikawiri kuposa ulaliki wa sikelo.

Lamulo lilipo. Sikelo iliyonse yochitira malonda imayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ikapezeka kuti ili bwino amaimata chizindikiro chawo. Kugwiritsa ntchito sikelo yosayesedwa kapena yoseweretsedwa ndi mlandu pansi pa lamulo la miyeso, ndipo kutenga katundu wa munthu mwachinyengo ndi mlandu mu Penal Code momwe muja muli vakabu. Wogula mbewu amayenera kukhala ndi laisensi, ndipo chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira imene sayenera kutsika pansi pake. Nthawi zina timamvadi pa wailesi kuti alanda masikelo pa msika wakuti. Koma boma la Mangochi ndi lalikulu abale, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Chilipa, kuchokera ku Nankumba mpaka ku Namwera, oyendera masikelo akabwera kamodzi n'kupita, venda amatulutsa ina imene anabisa m'thumba. Komanso venda wa pamsewu uja nthawi zambiri ndi wotumidwa chabe, ndalama ndi za bwana wa mu tauni amene wamuuza kuti ndikupatsa zakuti undibweretsere matani akuti, phindu lako uona wekha. Akagwidwa ndi mnyamatayo, bwana uja dzina lake silimveka.

Ndinenenso chilungamo, alimi ena nawo amathira mchenga mu nandolo, amanyowetsa thonje, amaika miyala pansi pa thumba. Nawonso ndi chinyengo ndipo sindikuchiikira kumbuyo. Mukawafunsa amati tikubwezera za sikelo, mukafunsa venda amati ndikudziteteza ku mchenga, nde msika wonse wasanduka woti aliyense akubwera atakonzeka kubera mnzake, ndipo amene amaluza ndi gogo amene wabweretsa mbewu yake yopeta bwino.

M'mashopu namo muli zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaona katundu amene anali kale pa shelefu akusintha mtengo usiku umodzi, wina kusowa kumene kwa masiku n'kudzatulukira atakwera. Mu 2024 shuga anasowa, koma kuseri amapezeka pa mtengo wina, pena akuuzeni kuti kuti mugule shuga mugulenso sopo kapena tiyi. Mafuta a galimoto akasowa pa filing'i siteshoni anthu kugona pamzere, pamsewu pomwepo zigubu zili ndandanda pa mtengo wowirikiza, ndipo amene zimamupweteka ndi wa kabaza ya njinga yamoto, msodzi wa injini, ndi wodwala wofuna kufika kuchipatala kuchokera kutsidya la Malindi. Kubisa katundu kuti mtengo ukwere, kukakamiza munthu kugula chimene sakufuna, kugulitsa zinthu zodutsa deti, ngakhale kachikwangwani kaja koti katundu akagulidwa sabwezedwa pamene katunduyo ndi wowonongeka, zonsezi lamulo limaletsa. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda linalipo kuyambira 1998, koma mu 2023 khothi linagamula kuti silinkapatsa bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Nchifukwa chake kunabwera latsopano limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2024, limene limalola chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene kampani yapanga pa chaka. Zimenezi ndi zabwino ndithu. Koma kuti munthu adandaule pamafunika lisiti, ndipo ife tinazolowera kugula opanda lisiti, wogulitsa akati mulibe pepala timangoti chabwino. Tiziitanitsa lisiti abale, ngakhale ya paketi imodzi ya shuga.

Nyanja ndiye chitsanzo cha mlandu umene wolakwiridwa wake ndi aliyense. Akuluakulu a ku Malombe amakamba za nthawi imene chambo chimkadzaza bwato mpaka china kumangogawira anthu pa doko, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo cha m'nyanja imeneyi chinali chitagwa kotheratu, makoka a maso ang'onoang'ono atakokolola ana ndi malo oswanirana omwe. Ndi ku Malombe komweko kumene kunayambira makomiti a m'madoko aja timati ma BVC, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linawapatsa malo. Pa nyanja ya Malawi makoka amatsekedwa chakumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane. Koma pitani ku doko nthawi imeneyo, muona kasawala, tiana ta chambo, ali pa thandala, muona neti ya udzudzu imene anapereka kuchipatala kuti iteteze mwana ku malungo yasokedwa kumapeto kwa khoka. Oyendera akabwera amene amagwidwa ndi alovi, anyamata olembedwa ganyu amene malipiro awo amadalira zimene zakodwa usiku umenewo, pamene mwini khoka ndi injini ali kunyumba, mawa alipira chindapusa kapena agula ukonde wina. Maboti aakulu okoka pansi nawo asodzi ang'onoang'ono akhala akudandaula kuti amafika m'madzi osaya mmene saloledwa. Wa komiti amene ayesere kulankhula amakumbutsidwa kuti mwini khokayo ndi amene anathandiza pa maliro a mayi ake.

Chimene ndikanakonda kuona chaka chino nthawi yokolola isanafike si chinthu chofuna ndalama zambiri ayi. Komiti ya msika uliwonse, pa Namwera, pa Katuli, pa Chiponde, pa Monkey Bay, ikhale ndi mwala woyezera wa makilo 5 kapena 10 wotsimikizidwa ndi a Bureau, uzisungidwa kwa wapampando kapena kwa mfumu, ndipo aliyense wofuna kupachika sikelo ayambe wapachika mwalawo anthu akuona, mmawa komanso nthawi ina iliyonse imene mlimi wakayikira. Laisensi ikhale poonekera, yolembedwa dzina la mwini ndalama osati la mnyamata wotumidwa yekha. Makalabu a alimi azigulitsa pamodzi tsiku limodzi kuti mawu oti ngati simukufuna nyamulani asamagwere mayi mmodzi payekha. Ndipo makhansala athu akamakambirana ndi apolisi za chitetezo cha nyengo ya zikondwerero, afunsenso kuti galimoto ndi mafuta a mwezi wa Meyi, Juni mpaka Seputembala, pamene chimanga, mtedza ndi nandolo zili pamsika, zakonzedwa bwanji.